Zimene makoswe anandiphunzitsa za munthu wobwerera ku kachasu

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Dómuè, m'boma la Angónia: "Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 26, ankamwa kachasu mpaka anagulitsa fetereza wa mayi ake. Tinamutumiza kwa abale ku Moatize, anapeza ganyu, ndipo anatha miyezi isanu ndi itatu osalawa n'dontho lomwe. Atabwera kudzathandiza kukolola, anatsika chapa (minibasi) pamsika masana, pofika madzulo tinakamutola ali thapsa. M'mawa mwake sankakumbuka chilichonse. Ena akuti anamulodza, ena akuti ndi wopanda mtima. Ndinamva kuti inu mwakhala zaka zambiri mukufufuza za mowa ndi mankhwala osokoneza bongo pa makoswe. Khoswe angatiuze chiyani za munthu? Nanga ine malume wake ndichite chiyani?"

Aphunzitsi, pepani ndi zimene zagwa pakhomo pa alongo anu. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo mawu amene andigwira ndi akuti anatsika chapa pamsika. Simunanene kuti anafika kunyumba, anadya nsima, kenako n'kutuluka kukamwa. Mwati anatsikira pamsika. Ndikuganiza kuti pamsika pomwepo ndi pamene ankamwera kale, ndipo ngati zili choncho, zimene zinamuchitikirazo ndi zomwe ndakhala ndikuziona m'mabokosi a makoswe kwa zaka zoposa 20.

Ine ndinakulira ku Tsangano. Tikatha kukolola ndinkapita ndi anzanga kukakumba mbewa, ndipo chimene chinkandidabwitsa n'chakuti mbewa ikamva khasu siisokonezeka. Mumdima wa pansi pa nthaka imadziwa kumene kuli nkhokwe yake, kumene kuli chisa, ndi kumene kuli khomo lothawira, ndipo imathamangira komweko osaphonya. Funso la mwana wokumba mbewa lija, lakuti kanyama aka kamasunga bwanji njira zonsezi m'mutu, ndi limene linandifikitsa ku Maputo kukaphunzira sayansi ya zamoyo, kenako ku Brazil. Kumeneko ophunzira onse a za ubongo ankawerenga ntchito za Ivan Izquierdo, wobadwira ku Argentina koma wokhala ku Porto Alegre, amene anatha moyo wake wonse akufufuza mmene khoswe amakumbukirira ndi kuiwalira mpaka pamene anamwalira mu 2021. Ine ndinatsata njira yomweyo, koma ndinakhotera ku mowa, chifukwa ndinali nditaika kale m'manda anthu angapo amene ndinakumba nawo mbewa.

Kuti makoswe amaphunzira, ife a ku Mozambique sitifunika kuuzidwa. Abwampini a bungwe la APOPO, ophunzitsidwa ku Morogoro m'dziko la Tanzania, anathandiza kufufuza mabomba okwirira ku Gaza ndi madera ena dziko lathu lisanalengezedwe mu September 2015 kuti latha kuchotsa mabomba onse odziwika, ndipo mu 2013 ena anayamba kununkhiza makhololo ku Maputo kufuna chifuwa chachikulu. Kaphunzitsidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Bwampini akanunkhiza fungo loyenera amamva kakuti "tche", kenako amalandira nthochi. Akabwereza kambiri, fungo lija, kaphokoso kaja ndi nthochi zimamangana m'mutu mwake kukhala chinthu chimodzi. Sungani chithunzi chimenechi, chifukwa kachasu amaphunzitsa munthu mwa njira yomweyi, kungoti mphunzitsi wake ndi waukali kuposa nthochi.

Tiyambe ndi m'mawa uja pamene mnyamatayo sankakumbuka kanthu. Mkati mwa ubongo, mbali zonse ziwiri chakufupi ndi makutu, muli kachigawo kopindika kotchedwa hippocampus. Ntchito yake inadziwika bwino chifukwa cha tsoka la munthu mmodzi, Henry Molaison wa ku America, amene mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya kachigawoka pofuna kuchepetsa khunyu. Khunyu linachepa, koma kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yake mu 2008 sankathanso kusunga zatsopano. Mukacheza naye n'kutuluka pang'ono, pobwera ankakupatsani moni ngati mlendo. Mu 1971 John O'Keefe ku London anaika timawaya tating'onoting'ono m'kachigawo komweka mwa khoswe woyendayenda, napeza kuti muli maselo amene amagwira ntchito pokhapokha khosweyo akafika pamalo ena ake: selo ili pakona iyi, selo lina pafupi ndi khomo. Ndiwo mapu aja amene mbewa ya ku Tsangano inkathawira nawo khasu langa. Ntchito imeneyi inapezetsa O'Keefe mphoto ya Nobel mu 2014 pamodzi ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser a ku Norway.

Mowa ukachuluka msanga m'magazi, maselo a m'kachigawoka amasiya kumangana. Timayesa zimenezi ndi dziwe lozungulira limene Richard Morris anayambitsa ku Scotland mu 1981. Madzi ake amawadetsa ndi mkaka kuti pansi pasaoneke, ndipo penapake pamabisidwa kansanja kopondapo. Khoswe wabwinobwino amasambira uku ndi uko tsiku loyamba, koma pakapita masiku ochepa amalunjika pakansanjapo poyang'ana zizindikiro za pakhoma la chipinda. Khoswe wopatsidwa mowa asanalowe m'madzi amasambira ndithu, kansanjako amakapeza mwangozi, koma mawa lake amayambiranso ngati sanalowemo. Inu ndinu mphunzitsi, mukudziwa kusiyana kwa kaundula wotayika ndi kaundula amene sanalembedwe. Zimene zinachitika madzulo aja sizinalembedwe n'komwe. Mungamuumirize mnyamatayo mpaka dzuwa kulowa, sadzazikumbuka, ndipo sakukunamizani. Ofufuza a ku Duke University anapezanso m'zaka za m'ma 1990 kuti makoswe achinyamata amawonongeka kukumbukira kuposa akuluakulu pa mlingo womwewo wa mowa, chonsecho iwo sagwidwa tulo msanga. Ndimakumbukira zimenezi ndikaona ana a sukulu atagwira timabotolo ta mowa waukali m'mabaraka a ku Ulónguè: mowa suwagwetsa msanga, choncho amamwa wambiri, pomwe ubongo wawo ndi umene ukupwetekedwa kwambiri.

Koma nkhani ya Molaison ili ndi mbali ina, ndipo yankho la funso lanu lagona pamenepo. Brenda Milner, amene anamufufuza kwa zaka zambiri, anamupatsa ntchito yovuta yojambula nyenyezi akuyang'ana dzanja lake pagalasi. Tsiku lililonse Molaison ankanena kuti sanachitepo zimenezi, koma dzanja lake linkachita bwino kuposa dzulo. Ndiye kuti kukumbukira kuli mitundu ingapo, ndipo uliwonse uli ndi malo ake. Pali kukumbukira kumene munthu angakufotokoze pakamwa. Palinso kwina kumene kumakhala m'zizolowezi, m'mapazi, m'malovu odzadza m'kamwa, m'kugunda kwa mtima. Mowa umafooketsa koyambako, koma kwachiwiriko umakukhomerera.

Mu 1954 James Olds ndi Peter Milner ku Montreal anapeza kuti khoswe woikidwa kawaya pamalo ena a ubongo amadina kachitsulo maulendo mazanamazana pa ola limodzi kuti alandire timagetsi tochepa pamalopo. Pambuyo pake zinadziwika kuti njira zimenezi zimadalira kwambiri mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine, ndi kuti mowa, chikonga cha m'fodya, chamba, heroin ndi cocaine, ngakhale chilichonse chili ndi khomo lake lolowera, zonse zimakweza dopamine m'dera lomwelo. Anthu ambiri amati dopamine ndi mankhwala a chisangalalo, koma ine sindiwaphunzitsa choncho ophunzira anga. Kent Berridge ndi Terry Robinson a ku Michigan anaonetsa kuti kukoma ndi kulakalaka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Khoswe wochotsedwa dopamine mukamudonthezera madzi a shuga pakamwa amanyambita milomo monga mwa masiku onse, kusonyeza kuti akumva kukoma, koma sanyamuka kupita kumene kuli chakudya. Dopamine ndi amene amauza ubongo kuti ichi n'chofunika, kumbukira pamene wachipeza, bwerera. Munthu akamwa zaka zambiri, kukomako kumachepa pomwe kulakalakako kumakula. Mudzamufunse mnyamatayo ngati kachasu wa tsiku lija anamukomera. Ambiri amene ndacheza nawo amayankha kuti ayi.

Kafukufuku amene ndamuchita kambiri pa moyo wanga ndi wa bokosi la zipinda ziwiri. Chipinda china n'chakuda, pansi pake pali mawaya; china n'choyera, pansi pake n'posalala. Tsiku loyamba khoswe amayenda momasuka ndipo timalemba mphindi zimene wakhala mbali iliyonse. Masiku otsatira timamubaya mankhwala monga morphine n'kumutsekera m'chipinda chimodzi, tsiku lina timamubaya madzi a mchere n'kumutsekera m'chinacho, mosinthanasinthana kwa sabata imodzi. Kenako timatsegula khomo lapakati, khoswe alibe mankhwala alionse m'thupi. Amapita kukakhala m'chipinda chija anamvera mankhwala. Mulibe chilichonse mmenemo, koma khoma, pansi ndi fungo lake zasanduka chinthu cholakalakika. Ulendo woyamba kuona zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinakumbukira amalume anga ena amene ankapita kukakhala pansi pa mtengo wa pamalo omwera ngakhale tsiku limene kunalibe mowa.

Tsopano tifike pa Moatize. Mark Bouton, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Vermont, anaonetsa kuyambira 1979 chinthu chimene aliyense wothandiza anthu omwa mowa ayenera kuchidziwa. Mukaphunzitsa khoswe chizolowezi m'bokosi loyamba, kenako n'kumusamutsira m'bokosi lina kumene chizolowezicho sichibweretsanso kanthu, amasiya pang'onopang'ono mpaka mungaganize kuti waiwala. Mukamubwezera m'bokosi loyamba, chizolowezi chija chimadzuka. Mu 2002 Hans Crombag ndi Yavin Shaham anaonetsa zomwezi pa makoswe ozolowera kudzipatsa okha heroin wosakaniza ndi cocaine, ndipo ena anazionanso pa mowa. Tanthauzo lake n'lakuti kusiya sikufufuta zakale. Ubongo umaphunzira phunziro lachiwiri, lakuti kuno sitimwa, n'kuliika pamwamba pa loyamba, ndipo phunziro lachiwirili limamatirira pamalo pamene linaphunziridwa. Mwana wa alongo anu anaphunzira kukhala wosamwa ku Moatize, m'kutentha kwa kumeneko, pakati pa nkhope zina, pa ntchito ina. Pamsika wa kwanu, ndi mphepo yozizira ya ku Angónia, fungo la mbatatesi yokazinga pachiwaya, mawu a mnzake womuitana ndi dzina la paubwana, anali asanaphunzirepo kukhala wosamwa ngakhale tsiku limodzi.

Pa anthu, umboni waukulu unachokera ku nkhondo ya ku Vietnam. Lee Robins anafufuza asilikali a ku America obwerera kwawo kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, napeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali atakodwa ndi heroin kapena opium ali kunkhondo, koma m'chaka choyamba chokhala kwawo, mwa okodwawo ndi pafupifupi 5 okha pa 100 alionse amene anakodwanso. Iwo anachoka pamalo a chizolowezi n'kusabwererakonso. Mnyamata wanu anachita zosiyana nazo: anachokako, kenako anabwerera pakhomo penipeni pa chizolowezicho, ali yekha, mwina ali ndi ndalama za ganyu m'thumba.

Palinso china chimene chimapweteka mabanja ambiri chifukwa chimatsutsana ndi zimene tonse timayembekezera. Timaganiza kuti miyezi ikamapita chilakolako chimazirala. Mu 2001 Jeffrey Grimm ndi anzake anatenga makoswe ozolowera cocaine, nawachotsa pa mankhwalawo, ena tsiku limodzi, ena sabata, ena mwezi, ena masiku 60, kenako nawaonetsa kagetsi ndi kaphokoso kamene kale kankabwera pamodzi ndi mankhwala. Amene anakhala nthawi yaitali ndi amene anadina kwambiri kachitsulo kamene kale kankawapatsa mankhwalawo. Chilakolako chodzutsidwa ndi zizindikiro chimafutukuka kaye kwa miyezi chisanayambe kutsika. Zofananazi zaonedwanso pa chikonga ndi mowa. Choncho pamene banja linkati miyezi isanu ndi itatu yakwana, mwana wachira, m'pamene ankafunika munthu womudikira pamene chapa chimaima. Onjezani apo kuti thupi lake linali litataya kupirira mowa kumene linali nako kale. Anamwa mlingo wake wakale ndi thupi limene silinakonzeke, n'chifukwa chake munakamutola ali thapsa. Anthu ena amafa tsiku lotere.

Za kulodzedwa, sinditsutsana ndi akuluakulu a pamudzi panu m'kalata. Ndingonena zimene ndaona ndi maso. Makoswe athu amabadwira m'nyumba yotsekedwa, amadya chakudya chofanana, alibe mdani, alibe munda woti wina awachitire nsanje, koma amabwerera ku mankhwala ndendende mmene mwafotokozeramu, ndipo tikhoza kuneneratu tsiku ndi bokosi. Zinthu zodzutsa chilakolako timazidziwa, ndipo ntchito yaikulu yozifufuza inayambira kwa Jane Stewart ku Montreal: kulawa pang'ono, kubwerera pamalo kapena pa zizindikiro zakale, ndi kupanikizika kwa thupi kapena maganizo. Za kupanda mtima, mu 2004 gulu la Pier Vincenzo Piazza ku Bordeaux linalola makoswe kudzipatsa cocaine kwa miyezi itatu. Onse analandira mankhwala ofanana, koma ndi pafupifupi 17 pa 100 alionse amene anafika poti sasiya ngakhale mankhwalawo akubwera pamodzi ndi magetsi opweteka kuphazi. Ambiri mwa enawo ululu utabwera analeka. Pamudzi panunso ambiri amamwa pa maliro ndi pa ukwati n'kudzuka m'mawa kupita kudimba, koma ochepa amakodwa. Amene sanakodwe asamadzitame kwambiri pamaso pa wokodwa, chifukwa sanasenze katundu wofanana.

Mwafunsa ngati khoswe angatiuze za munthu, ndipo ndiyenera kukuyankhani moona. Ubongo wa khoswe umalemera pafupifupi magalamu awiri, wa munthu umaposa kilogalamu imodzi. Zigawo zamkati zija za mantha, chilakolako ndi malo n'zofanana kwambiri, koma mbali ya kutsogolo, yoganizira za mawa ndi kudziletsa, mwa munthu ndi yaikulu koposa. Khoswe alibe ngongole ya fetereza, alibe manyazi pamaso pa mayi ake, sapita kutchalitchi, salonjeza. Ngakhale mowawo makoswe ambiri saukonda poyamba; timachita kuwanyengerera ndi shuga, kapena kuwapatsa tsiku lina n'kuwamana tsiku lina, mpaka azolowere. Mankhwala ena anayenda bwino kuchoka pa nyama kufika pa anthu, monga naltrexone amene America inavomereza mu 1994 kuti azithandiza omwa mowa. Ena, makamaka amene ankatseka njira ya kupanikizika mu ubongo, anachita zodabwitsa pa makoswe koma atayesedwa pa anthu sanathandize. Zimenezi zinatiwawa ambiri a ife, pakuti tinali titaikapo chiyembekezo chachikulu.

Ntchitoyo payokha ndi yodekha ndiponso yofuna kusamala kuposa mmene anthu amaganizira. Makoswe ndi nyama za usiku, choncho m'chipinda chawo timatembenuza nthawi, masana kumakhala mdima, ife n'kumagwira ntchito ndi getsi lofiira. Tisanayambe chilichonse timatha masiku tikungowanyamula kuti azolowere dzanja. Wowerenga zotsatira saloledwa kudziwa khoswe amene wabayidwa mankhwala, kuopa kuti maso angaone zimene mtima ukufuna. Chaka china ndinataya ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi chifukwa makoswe a gulu lina ankachita mosiyana popanda chifukwa chooneka, mpaka tinazindikira kuti ankawagwira ndi anthu awiri osiyana. Mu 2014 ofufuza a ku McGill anaonetsa kuti fungo la mwamuna lokha limapanikiza mbewa ndi makoswe mpaka kusintha mmene amaonetsera ululu. Ndipo pamapeto pa kafukufuku wambiri nyamazo zimaphedwa kuti tione ubongo. Pali komiti yoona kuti tigwiritse ntchito nyama zochepa ndi kuchepetsa ululu, motsata mfundo zimene William Russell ndi Rex Burch analemba mu 1959, komabe tsiku limenelo silinandipepukirepo. Ndimalisenza chifukwa cha makalata ngati yanuyi.

Kwa zaka zambiri ife ofufuza tinkalakwitsa chinthu chimodzi chachikulu. Tinkaika khoswe yekha m'bokosi lopanda kanthu, muli kachitsulo kamodzi kokha kopereka mankhwala, kenako n'kumadabwa kuti akudina. Bruce Alexander ku Canada anadandaula za ichi kumapeto a zaka za m'ma 1970, pamene anamangira makoswe bwalo lalikulu lokhala ndi anzawo ndi zoseweretsa, napeza kuti amamwa madzi a morphine ochepa kuposa otsekeredwa okha. Ena atabwereza sanapeze zofanana nthawi zonse, choncho sinditsamira pa iye yekha. Koma mu 2007 gulu la Serge Ahmed ku Bordeaux linapatsa makoswe zitsulo ziwiri, china cha cocaine china cha madzi otsekemera, ndipo 94 pa 100 alionse anasankha madzi otsekemera. Mu 2018 Marco Venniro ndi Shaham ku Baltimore anachita chimene kwa ine ndi kafukufuku wokongola kwambiri pa nkhaniyi. Kachitsulo kena kankapereka heroin kapena methamphetamine, kena kankatsegula kakhomo kuti khoswe acheze ndi mnzake kwa mphindi imodzi. Pafupifupi onse anasankha mnzawo, ngakhale aja amene anali atazama kwambiri. Koma ofufuzawo atachedwetsa kutseguka kwa kakhomoko, kapena kukaphatikiza ndi chilango, makoswe anabwerera ku mankhwala. Mbali yomalizayi ndi imene ndikufuna muigwire. Mnzakeyo amapambana mankhwala ngati ali pafupi, nthawi yomweyo, ndipo kufika kwa iye sikupweteka. Kachasu ali pamsika, wa ndalama zochepa, salalata. Ngati kunyumba kuli bwalo la milandu, mnyamatayo mwamuchedwetsera kakhomo kaja.

Ndiye inu ngati malume, yambani ndi thupi lake. Ngati wayambiranso kumwa tsiku lililonse, musamutsekere m'nyumba kuti asiye mwadzidzidzi. Munthu womwa kwambiri akasiya kamodzin'kamodzi akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zomwe palibe, kapena kukomoka m'masiku awiri kapena atatu oyamba, ndipo zimenezi zimapha. Pitani naye kuchipatala cha ku Ulónguè kapena chachikulu cha ku Tete mukafunse técnico de psiquiatria, kutanthauza wa zaumoyo woona za matenda a maganizo. Mukafunsenso za vitamini B1, chifukwa omwa kachasu osadya mokwanira amasowa vitamini ameneyu, ndipo kusowa kwake kumabweretsa matenda a Korsakoff, amene munthu amalephera kusunga zatsopano ngati Molaison uja, kawirikawiri mpaka kalekale.

Kenako ganizirani za malo. Ngati ku Moatize kudakali ntchito ndi abale omusunga bwino, kubwerera kumeneko si kugonja. Koma kumudzi n'kwawo, adzabwera ndithu, pa maliro, pa kukolola, mwina kudzakwatira. Choncho phunziro lija lakuti kuno sitimwa liyenera kuphunziridwanso ku Dómuè komweko, pang'onopang'ono. Maulendo oyamba akhale aafupi. Wina akamuchingamire asanafike pamsika, ngakhale zitatanthauza kutsika chapa patali n'kuyenda wapansi njira ina. Ndalama zambiri asayende nazo. Masiku ogulitsa fodya, soya kapena mbatatesi ndi oopsa kwa munthu wotere kuposa masiku a njala. Pakapita nthawi, adutse pamsika pomwepo ali ndi inu, m'mawa, atadya, mukagule chimene mwapitira n'kubwerera. Ulendo uliwonse umene wadutsapo osamwa, ubongo ukulemba tsamba latsopano la malo amenewo. Ndikuchenjezeni kuti pa anthu njira imeneyi payokha siikwanira, ndipo musamuyese pomukhazika pakati pa omwa kuti muone ngati walimba.

Yang'ananinso ola. Ngati ankamwa dzuwa likapendeka, nthawi imeneyo ikhale ndi chochita chimene iye amachikonda, chokhala ndi anthu: mpira, kwaya, dimba la limodzi ndi msuweni wake, kukonza njinga. Chikhale cha tsiku lomwelo, osati lonjezo lakuti ukasiya chaka chathunthu tidzakugulira malata. Ndipo pa msonkhano wa banja, inu ndi amene muli ndi mphamvu yoletsa kuti asamukhazike pakati n'kumuwerengera machimo ake onse. Nkhani ya fetereza ikambidwe, abweze, koma mwa njira yoti angathe. Manyazi aakulu ndi kupanikizika, ndipo m'labotale kupanikizika ndi njira imene timagwiritsa ntchito tikafuna kuti khoswe wosiya ayambirenso kudina.

Alongo anu muwauze kuti miyezi isanu ndi itatu ija sinapite pachabe. Zimene ubongo wake unaphunzira ku Moatize zidakalipo, monga mmene zakale zija zinalipo nthawi yonse imene iye anali kumeneko. Makoswe amene anasiyapo kale amasiya msanga ulendo wachiwiri kuposa woyamba.

Tsiku lina ali bwino, mutakhala awiri kumunda, mufunseni modekha kuti pa ulendo uja chilakolako chinayambira pati. Ambiri amatha kuloza malo enieni: pokhota penapake, pamene phiri la Dómuè linayamba kuonekera, pamene anamva nyimbo ya m'baraka, kapena pamene wina anamugwira paphewa. Zimene angakuuzenizo muzilembe, chifukwa ndizo mudzakonzere ulendo wake wotsatira, ndipo mukapita kuchipatala mukazionetse kwa amene adzamuthandize.